Meya akangolengeza pa wailesi ndiye kuti lakhala lamulo?

Chimutu_J:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Sabata yatha kunagwa chimvula madzi kusefukira mpaka milatho iwiri kutsekedwa, ndiye meya wathu anapita pa wailesi kukanena kuti kuyambira tsiku lomwelo ogulitsa m'mbali mwa msewu onse achoke, mashopu azitseka ikamakwana 7 koloko madzulo mpaka zinthu zitakhala bwino. Mng'ono wanga amagulitsa machaja ndi makava a foni pa kathebulo, iye za wailesizo sanazimve n'komwe, mawa lake kungoona anyamata atatu a khonsolo atavala mabibu owala aja, kunyamula thebulo ndi katundu yense kuponya mu lole. Atafunsa risiti anamupatsa kapepala kong'amba mu kope, chidindo palibe, dzina la wolemba palibe, angolemba kuti chindapusa ndi nambala ya ndalama basi. Ine funso langa ndi lakuti meya ali ndi mphamvu zopanga lamulo yekha ndi pakamwa chonchi? Kapena kukagwa ngozi malamulo enawo amayamba agona kaye?

Loya_Wosamaliza:
Achimwene pepani ndi za mng'ono wanuyo. Choyamba dziwani kaye kuti meya wanuyo ndi wamtundu wanji chifukwa dzinali ndi limodzi koma mipando yake ndi yosiyana kutalitali. Pali meya wosankhidwa ndi anthu onse mumzinda, ngati wa New York kapena wa London (mpando wa London unayamba mu 2000, woyamba kukhalapo anali Ken Livingstone), ameneyo amakhala ndi bajeti ndi maofesi pansi pake. Ndiye pali wina wosankhidwa ndi makhansala anzake, ntchito yake kwambiri ndi kutsogolera misonkhano, kuvala tcheni chija pakhosi ndi kudula maliboni, pomwe zoyendetsa mzinda tsiku ndi tsiku zili m'manja mwa mkulu wa khonsolo wolembedwa ntchito. Ngakhale ku America komweko mizinda yambiri imayenda choncho.

Koma kaya ndi wamtundu uti, malamulo a mzinda nthawi zambiri amapanga ndi khonsolo yonse, amakambirana, kuvota, kulemba, kenako kulengeza kuti anthu awerenge, ndipo sangatsutsane ndi lamulo la dziko. Ku England ambiri mwa malamulo amenewa amafunikanso nduna ya boma lalikulu ivomereze asanayambe kugwira ntchito. Wailesi ndi yongodziwitsira anthu, payenera kukhala pepala kuseri kwake. Pitani mukafunse pepalalo.

MaiAwiri:
Koma inu a loya madzi akulowa m'nyumba za anthu mukufuna makhansala ayambe aitanizana msonkhano, wina foni yazima wina ali kumaliro? Mtsogoleri amayenera kulamula pompo zinthu zikavuta. Ku Cape Town chilala chija mu 2018 anauza aliyense kuti asapitirire malita 50 a madzi patsiku, anthu anadandaula koma mipopi sinaume. Nthawi zina tizingomvera abale.

Gogo_wa_Data:
Mayi simukunama ayi, n'chifukwa chake malamulo a zangozi alipo, kuti munthu mmodzi athe kuchita changu. Koma mphamvuzo amachita kubwereka ndipo zimakhala ndi tsiku lobweza. Tengani New York, lamulo la boma la kumeneko limalola meya kulengeza kuti mzinda uli pangozi kwa masiku osapitirira 30, akafuna kupitiriza alengezenso, ndipo lamulo lililonse lomwe walamula mkati mwa nthawi imeneyo limatha mphamvu pakapita masiku 5 ngati sanalisainirenso. Mu June 2020 nthawi ya zionetsero meya wa nthawiyo Bill de Blasio analetsa anthu kuyenda usiku, tsiku loyamba kuyambira 11 koloko kenako anatsitsa kufika 8 koloko, pa 7 June anachotsa. Sabata imodzi yokha koma chilichonse chinali cholembedwa, ola loyambira, ola lothera, ndi anthu omwe sakukhudzidwa monga azachipatala. Ndiye mawu oti "mpaka zinthu zitakhala bwino" amene mwatchula a Chimutu aja ndi omwe andidabwitsa ine, ndani adzanene kuti zakhala bwino, iye yemweyo?

Ina yomwe imandisangalatsa ndi ya ku France. Kumeneko meya ali ndi mphamvu zenizeni zosungitsa bata, amasaina yekha malamulo a m'tauni mwake. Mu April 2020 meya wa Sceaux, katauni kapafupi ndi Paris, analamula kuti aliyense azivala masiki potuluka panja. Maganizo abwinobwino, ndipo patapita miyezi boma lenilenilo linadzalamula masiki m'malo ambiri. Koma khothi lalikulu loona za kayendetsedwe ka boma, Conseil d'État, linakana pa 17 April, linati za mliri zinali kale m'manja mwa boma lalikulu ndipo meya sangawonjezere zake pokhapokha pali chifukwa chapadera cha m'dera lakelo. Apa mutha kuona kuti khothi silifunsa ngati ganizolo ndi lanzeru, limafunsa kuti mphamvuyo anakupatsa ndani.

Kwinanso kulengeza za ngozi kumangomveka kukula dzina. Ku Ottawa, likulu la Canada, oyendetsa malole atatseka misewu pochita zionetsero, meya Jim Watson analengeza pa 6 February 2022, koma kwenikweni zinangothandiza mzinda kugula zinthu mwachangu osadutsa njira zonse zija, malole anakhalabe pompo. Anadzachoka boma la Trudeau, nduna yaikulu ya Canada nthawiyo, litagwiritsa ntchito lamulo la dziko lonse la zangozi pa 14 February, ndipo nalonso khothi linadzati mu January 2024 kuti silinayenere kutero kkkk. Za Cape Town mwanenazo, malire a madzi aja analengezedwa ndi khonsolo molemba, tsiku loyambira linali 1 February ndipo aliyense analidziwiratu, sikuti munthu anadzuka n'kupeza mita yake yazulidwa.

MaiAwiri:
Chabwino agogo ndamva, koma ine ndikuonabe kuti ogulitsa mumsewu amatseka ngalande ndi zinyalala ndiye madzi adzera kuti.

Mlonda_Wakale:
Ine ndinagwirako ntchito imeneyi zaka zingapo, yoyenda ndi lole ija, ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mkati. Mwina mudzapeza kuti lamulo loletsa kugulitsa pamalo amenewo linalipo kalekale, lili mu faelo likudya fumbi, meya anangolidzutsa. Zikakhala choncho nkhani ya wailesi ilibenso ntchito, mng'ono wanu walakwa ndithu ngakhale sanamve. Koma za 7 koloko zija ndi zina, zimenezo zimafuna chikalata chake chosainidwa.

Pomwe anyamatawo apalamula ndi pa katundu. Ife amatiphunzitsa kuti ukalanda chinthu umawerenga mwiniwake akuona, kulemba chimodzichimodzi mu buku la makope atatu, loyera kwa mwini katundu, lina ku ofesi, lotsala limakhala m'bukumo, nambala ya risiti yosindikizidwa kale pamwamba. Ndalama sulandira pamsewu, munthu amakalipira pa windo la akawunti. Ndisaname, tinalipo ena omwe bukulo timalisiya dala mu lole, chifukwa katundu wosalembedwa akafika ku sitolo amakhala atachepa, machaja 40 amasanduka 25 ndipo palibe amene angatsutse. Kapepala ka mu kope kameneko musakataye komanso musalipire kanthu kwa munthu pamanja. Lembani kalata kwa mkulu wa khonsolo, osati kwa meya, mutchule tsiku, nthawi, malo, nambala ya lole ngati munaiona, ndi katundu yense, mufunse kuti walandidwa potsatira ndime iti ya lamulo liti. Pangani makope awiri, ina akudindireni kuti alandira mubwerere nayo. Mukangotchula mawu oti ndime mudzaona nkhope zikusintha pa kauntala.

Loya_Wosamaliza:
Akulu awa anena zoona. Ndingowonjezera kuti musachedwe, malo ambiri katundu wolandidwa akakhalitsa osatengedwa amaloledwa kumugulitsa pa okushoni, ndipo kukadandaula ku khothi nakonso kumakhala ndi masiku ake owerengeka.

Chimutu_J:
Zikomo nonse. Ndapitako lero m'mawa ndi kalata ija, mayi wa pa kauntala anaiwerenga kawiri kenako analowa nayo mkati mphindi ngati 20. Atabwera anandionetsa lamulo la ogulitsa mumsewu, lilipodi a Mlonda munalondola, ndiye chindapusa tilipira pa windo. Koma nambala yomwe ili m'lamulomo ndi yochepa kuposa ya pa kapepala kaja, ndipo nditafunsa chikalata cha 7 koloko anandiuza kuti amene amasunga faelo sanabwere ndibwerenso Lachinayi. Thebulo ndaliona lili kuseri pamulu wa mawilibala mwendo umodzi wathyoka, machaja akuti akuwerengabe.