Andituma kuti ndikachotse ntchito bambo amene anandiphunzitsa ntchitoyo

Wa ku Chirimba

Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ndimayang'anira sitolo ndi madalaivala pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Blantyre. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 geni sinabwererenso mchimake, forex kulibe, katundu akuchedwa, malole ena angokhala pa yadi. Nde mabwana akuti dalaivala mmodzi apite, dzina asankha kale iwowo, ine yanga ndi kuwaitana mu ofesi ndikuwapatsa kalata.

Vuto ndi loti ndi bambo aakulu, ndinawapeza pakampanipo, ndi omwe anandidziwitsa makasitomala onse a ku Lunzu ndi ku Thyolo. Mayi anga atamwalira anayendetsa okha lole yonyamula anthu kupita kumudzi, usiku, osadandaula. Mwana wawo alemba MSCE chaka chino. Mmawa uno andipatsa moni akupukuta galasi la lole ndi kansanza kawo kaja, "bwana mwadzuka bwanji", ine mawu kukanika kutuluka poti kalata yawo ili mu dilowa mwanga. Nsima sikulowa, tulo ayi. Amene munadutsamo munatani? Ndiyambire pati kuyankhula?

Anachisale_LL

Pepani achimwene. Ine ndinachotsapo anthu nthawi ya Covid pa lodge yomwe ndimayang'anira, mpaka pano ndikakumana ndi mmodzi wa iwo mu msika mtima umagunda. Zowawazo sizitha msanga ndipo musazibise, ndi umunthu umenewo. Chomwe ndingakuuzeni, musachedwetse. Mukamasunga kalatayo mukudzivutitsa nokha komanso iwowo mukuwadyera nthawi yofunira pena pogwira. Ndipo akamva kaye kwa alonda kapena kwa anzawo ndiye zopweteka kwambiri, nkhani zotere pa yadi sizibisika.

Dalaivala wakale

Ine ndiyankhule ngati munthu amene anakhala mbali inayo ya tebulo. Tsiku lomwe anandichotsa, bwana wanga anayamba ndi nkhani ya mpira, kenako mavuto a kampani, kenako mmene iyeyo sanagonere, ine ndili chikhalire chipewa mmanja kudikira kuti kodi afika liti pamfundo. Mapeto ake ine ndi amene ndimamutonthoza iyeyo, tangoganizani. Musachite zimenezo chonde. Kusagona kwanuko kawuzeni akazi anu kapena abusa, bambowo ali ndi katundu wawo kale woti asenze. Alonjereni mwaulemu, akhale pampando, nenani mosazungulira kuti ntchito yatha chifukwa cha ndalama osati chifukwa alakwa, liwu limenelo ndi lofunika zedi poti munthu akamapita kunyumba amadzifunsa kuti ndalakwanji. Akakhala chete asiyeni akhale chete, akakalipa musabweze.

China, musawalandire makiyi pamaso pa anyamata. Ine anandilanda makiyi pageti mlonda akuona ngati ndaba dizilo, ndalama zonse anandipatsa bwinobwino koma chimene chimandiwawabe ndi chimenecho.

Mayi wa HR

Kumva chisoni kuli bwino koma chisoni chokha bambowo sakagulira ufa. Pomwe mungawathandize kwenikweni ndi pa mapepala. Employment Act, lamulo la za ntchito, imati wolandira pamwezi apatsidwe notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro a mweziwo. Severance, ndalama yomwe munthu amapatsidwa akachotsedwa ntchito asanalakwe, ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, masabata atatu pa chaka kuyambira cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata anayi kuyambira cha 11 kupita mtsogolo. Kwa munthu wokhalitsa ngati ameneyo si ndalama yochepa, nchifukwa chake makampani ena amayesa kumupezera munthu mlandu kuti asalipire. Mukaona zikupita kumeneko musasaine chilichonse. Onaninso masiku a tchuthi omwe sanapite, komanso ngati ndalama za penshoni zimapitadi, 10% ya kampani ndi 5% yawo, poti kwina amangodula pa payslip koma osatumiza. Muwauze poyera kuti akaona kuti sizinayende bwino ali ndi ufulu wopita ku ofesi ya leba kapena ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito.

Komanso funsani mabwana anuwo anasankha bwanji dzinalo. Bwanji wokhalitsa ndi amene akupita? Mwina mayankho alipo omveka, koma inuyo muwadziwe musanalowe mu ofesimo chifukwa bambowo adzafunsa inu.

Ras wa ku Bangwe

Koma mabwanawa amandikwiyitsa apa. Chiganizo apange iwo, nkhope yokaonekera ikhale yanu, mawa kumaliro kapena ku tchalitchi amene azidzalozedwa chala ndinu. Auzeni mmodzi wa iwo akhale nawo mchipindamo basi.

Wa ku Chirimba

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Achikulire a dalaivala wakale mwandifika pamtima, zoonadi ndimakonza zoyamba ndi kufotokoza mmene zikundiwawira ine, ndazisiya. Mayi wa HR ndapita kwa a akaunti takhala pansi tawerengera, pa masiku a tchuthi panali posiyana ndi buku langa ndipo akonza. Za kasankhidwe ka dzina akuti ndi chifukwa lole yomwe amayendetsa ndi imene ikugulitsidwa, sizikundikhutiritsa kwenikweni ndipo ndawauza choncho, a manejala avomera kuti akhala nawo. Ndaimbiranso mkulu wina wa ma transport ku Limbe amene amasowa dalaivala wodziwa njira za ku Mulanje, wati abwere akaonane, sanalonjeze kanthu. Bambowo ndiwaitana mawa mmawa anthu asanachuluke pa yadi. Funso lina, kalata yowachitira umboni ndiwapatse tsiku lomwelo kapena zikhala ngati ndikuwathamangitsa?

Dalaivala wakale

Apatseni tsiku lomwelo achimwene, mu envelopu yake payokha, ndipo mulembemo nambala yanu kuti ofuna kufunsa za iwo aziimbira inu.