Thandizeni, Lachinayi andibaya jakisoni wadzanzi koma ulendo watha ndinatsala pang'ono kufa

Membala wosatchula dzina
Moni nonse a pagulu pano. A admin chonde dzina langa lisaoneke chifukwa mlamu wanga ali momwe muno. Ndili ndi chotupa kumsana chapafupi ndi phewa, chatha zaka zitatu, n'chofewa, sichipweteka, koma pano chakula moti chovala chikumachikhula. Adokotala achiona ndipo akuti n'cha mafuta chabe, achichotsa Lachinayi likubwerali. Akuti sandigonetsa ayi, angondibaya jakisoni wochititsa dzanzi pamalopo ine ndili maso. Vuto ndi lakuti chaka chatha pondizula dzino anandibaya jakisoni wangati yemweyo ndipo ndinatsala pang'ono kufa. Chichokereni kuchipatalako tulo sindikutiona. Abambo akunyumba akuti ndimakonda kukuza nkhani, chonsecho tsiku la dzinolo sanandiperekeze n'komwe, anali ku mpira. Mlamu wanganso akuuza anthu kuti chotupacho ndinachilekerera dala kuti azindimvera chisoni, munthu woti ndinamusungira ana ake miyezi iwiri osamva n'zikomo yemwe. Kuntchito abwana andipatsa tsiku limodzi lokha, akuti ndi ka opaleshoni kakang'ono, pomwe mnzanga anapatsidwa sabata yathunthu chifukwa cha chimfine. Ndili ndi ana awiri aang'ono, ndikafa atsala ndi ndani? Ndipite kapena ndisapite? Alipo amene zinamuchitikirapo?

Madala Wa Chilungamo
MUSAPITE mayi. Mverani ine amene ndinadutsamo. Anandibaya jakisoni wa pamsana pondichita opaleshoni ya hernia, lero zaka zisanu ndi chimodzi msana sunabwerere m'chimake. Kuwerama ndimachita kugwira khoma. Anthu amenewa amakubaya wadzanzi pofuna kufulumira basi. Kawauzeni kuti akugonetseni tulo teniteni, akakana bwererani kunyumba, chotupa cha mafuta sichinaphepo munthu.

Mayi a Mapasa
Pepani achemwali. Koma alamu anuwo musawapatsenso mpata pakhomo panu. Wanga anali wotero, ndili m'chipatala ndi mapasa iye n'kumauza anthu kuti opaleshoni ndinachita kuipempha chifukwa cha ulesi. Anthu otere ungowasiya.

Wogonetsa Odwala
Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi ya mankhwala ogonetsa ndi adzanzi. Ndisanayankhe chilichonse tiuzeni kuti kutsala pang'ono kufako kunali kotani. Mtima unagunda mothamanga ndi manja kunjenjemera? Munachita chizungulire n'kukomoka? M'makutu munalira, m'kamwa n'kumveka kukoma kwa chitsulo? Kapena munatupa milomo ndi nkhope, zidzolo n'kutuluka, mpweya n'kubanika? Zinayi zimenezi ndi nkhani zinayi zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi yankho lake. Mutiuzenso ngati pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku.

Madala Wa Chilungamo
Mwaona? Abwera kale kudzateteza ntchito yawo. Mayi akuti anatsala pang'ono kufa, inu mukufunanso umboni wanji? Mtembo?

Wogonetsa Odwala
Bambo, ndikumva chisoni ndi msana wanu, koma wanuwo unali wa pamsana, wolowa m'madzi ozungulira mitsempha ya msana. Mayiwa awabaya pakhungu pozungulira chotupa. Kungoti chotupacho chili kumsana sizikupanga jakisoniyo kukhala wa pamsana. Ndipo kugonetsa munthu tulo teniteni chifukwa cha chotupa chaching'ono ndi kumusenzetsa chiopsezo chachikulu kuposa chimene akuthawa.

Kamnyamata Ka Ku Famase
Nkhani yonse ili pa mlingo, anthu samvetsa. Lidocaine, amene ndi mankhwala adzanzi aja, akakhala wopanda adrenaline (mankhwala othandiza kuti dzanzi likhalitse) malire ake ndi mamiligalamu 4.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, osapitirira 300. Wosakaniza ndi adrenaline amafika 7 pa kilogalamu, osapitirira 500. Botolo lolembedwa 1% ndiye kuti mililita imodzi muli mamiligalamu 10, la 2% muli 20. Munthu wa makilogalamu 60 malire ake ndi mamiligalamu 270, amene ndi mamililita 27 a 1% uja. Kabotolo kamodzi ka kwa dotolo wa mano, ka mamililita 1.8 a 2%, muli mamiligalamu 36 okha. Ndiye kuti wa dzinoyo sakanakhala mlingo wopitirira ayi, pokhapokha ngati anawabaya mabotolo ambirimbiri.

Wogonetsa Odwala
Masamu ali bwino achimwene, koma mabuku ena amaika malire a wopanda adrenaline pa mamiligalamu 3 pa kilogalamu, ndipo ambiri a ife timatsata wotsikawo, makamaka kwa okalamba ndi odwala chiwindi, poti lidocaine amaphwanyidwa m'chiwindi. Chinanso, mlingo wochepa ukhoza kuvutitsabe ngati singano yalowa mu mtsempha wa magazi mankhwala n'kupita onse nthawi imodzi. N'chifukwa chake wobaya amayamba wakoka kaye pang'ono kuona ngati magazi akubwera, kenako n'kumalowetsa pang'onopang'ono uku akukuyankhulitsani.

Kamnyamata Ka Ku Famase
4.5 ndi imene yalembedwa pa kapepala ka m'bokosi, ine sindinaipeke.

Wogonetsa Odwala
Sindinati mwaipeka. Ndikuti pa bedi pali munthu, ndipo munthuyo tiyenera kumuyeza pa sikelo ndi kumufunsa matenda ake.

Shoti Wa Nthabwala
Mayi pitani, mukatenge ndi chotupacho m'kabotolo mukawapatse alamu anu ngati mphatso. Abambo akunyumbawo muwauze kuti Lachinayi kulibe mpira.

Agogo a Junior
Mwana wanga iwe, munthu akulira ndi mantha iwe ukuseka? Ulemu unapita kuti masiku ano? Inunso mayi, chotupa zaka zitatu mukungochiyang'ana? Mukanapita chikadali ngati nsawawa bwenzi lero tikukamba zina. Ana a masiku ano mumathamangira pa foni mmalo mobwerera kwa adokotala amene anakuonani.

Madala Wa Chilungamo
Ndibwerezenso poti ena akufuna kukwirira nkhani ndi masamu. INE NDINAVULALA. Nditachoka ku opaleshoni mutu unandiwawa masiku anayi, ndikadzuka ngati chigaza chikusweka, ndikagona n'kuleka. Namwino amangoti imwani madzi. Palibe amene anandichenjeza. Ndipo mayi, ngati mwaumirira kupita, mankhwala alionse amene mukumwa muwasiye masiku atatu opaleshoni isanachitike, zinthu zimenezi zikakumana m'thupi zimamenyana. Mnzanga wina anakomoka pampando wa dotolo wa mano chifukwa chomwecho.

Wogonetsa Odwala
Ayi bambo, ili lokha ndikukana poyera. Palibe asiye mankhwala ake chifukwa cha zolembedwa pagulu pano. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a khunyu, a mtima, a shuga, kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa kuposa jakisoni amene tikukambayu. Wosankha choti musiye kapena mupitirize ndi dokotala amene akuchita opaleshoniyo, ndipo kuti asankhe bwino muyenera kumuonetsa mankhwala onse. Mutu umene mukunenawo ndi weniweni, umabwera madzi a mu msana akamadontha pa kabowo ka singano, ndipo anayenera kukuchenjezani. Koma sungabwere ndi jakisoni wa pakhungu.

Mphunzitsi Wopuma
Mutu umenewo ndi wakale ngati jakisoni wa pamsana yemweyo. August Bier, dokotala wa ku Germany amene anayambitsa njirayi mu 1898 mumzinda wa Kiel, anayesera pa thupi lake lomwe ndipo mutu unamugoneka pabedi masiku angapo. Nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito cocaine, amene Carl Koller anayamba kudonthezera m'maso pochita opaleshoni ku Vienna mu 1884. Wadzanzi wina wotchedwa procaine anabwera mu 1905, ndipo lidocaine amene akukambidwa panoyu anapangidwa ku Sweden mu 1943 ndi Nils Löfgren. Achinyamata muziwerenga, zinthuzi zinayenda ulendo wautali kuti zifike poti mayiwa achotsedwe chotupa akucheza ndi namwino.

Mayi a Mapasa
Aphunzitsi mbiri yabwino koma mayiwa afunsa kuti apite kapena asapite. Ine wa pamsana anandibaya pa mapasa anga ndipo ndinamva kulira kwawo koyamba ndili maso, msana wanga uli bwinobwino mpaka lero. Panangowawa pobayapo masiku awiri atatu. Ndiye a Madala musamaopseze anthu ngati aliyense zimamuthera ngati inu.

Madala Wa Chilungamo
Inu munachita mwayi mayi. Mwayi wa mnzako sugonera panja. Ine ndikunena zimene ndinaona ndi maso anga, osati za m'mabuku.

Mtsikana Wa Ma Tattoo
Sisi musavutike, gulani kirimu wadzanzi uja mupake pamsana ponse musanapite, mukulunge ndi pulasitiki usiku wonse, pofika kumeneko singano simuimva n'komwe. Ine ndimatero.

Kamnyamata Ka Ku Famase
Musayerekeze! Kirimu ameneyo muli lidocaine yemweyo, ena muli ndi wadzanzi wina wotchedwa prilocaine. Mukapaka malo aakulu n'kukulunga ndi pulasitiki amalowa m'magazi wambiri, ndiye adokotala adzawonjezera wawo pamwamba asakudziwa kuti m'thupi muli kale wina. Mlingo umawerengedwa wonse pamodzi, wopaka ndi wobaya.

Wogonetsa Odwala
Apa ndiye tagwirizana achimwene. Poti mwini funso sanabwerebe, ndinene zimene ndimaona kawirikawiri. Anthu ambiri amene amati thupi lawo limadana ndi jakisoni wadzanzi, ukawafunsitsa umapeza kuti chinali china. Wa kwa dotolo wa mano nthawi zambiri amasakanizidwa ndi adrenaline kuti dzanzi likhalitse ndi magazi asatuluke ambiri. Adrenaline ameneyo akalowa m'magazi mtima umagunda ngati ng'oma, manja n'kunjenjemera, munthu n'kuona ngati akufa, koma pakapita mphindi zochepa zimatha zokha. Ena amakomoka ndi mantha a singano, akagonekedwa miyendo m'mwamba amatsitsimuka. Kudana ndi lidocaine kwenikweni, kotupa nkhope ndi kubanika, kulipo koma n'kosowa kwambiri, ndipo nthawi zina cholakwa chimakhala mankhwala osungitsira amene ali m'botolomo. Chimene ife timachiopa ndi mankhwala kuchuluka m'magazi. Zimayamba ndi dzanzi kuzungulira milomo ndi lilime pomwe sanakubayeni pamenepo, kukoma kwa chitsulo m'kamwa, kulira m'makutu, chizungulire, kuyankhula mosokonekera, minofu kuphiriphitha, ndipo zikapitirira munthu amagwa ngati wakhunyu mtima n'kusokonekera. Mukamva chimodzi mwa izi akukubayani, nenani pomwepo, musapirire pofuna kuoneka olimba mtima. Wobaya amasiya nthawi yomweyo, amapereka mpweya wa oxygen, ndipo pali mankhwala oyera ngati mkaka, a mafuta 20%, olowetsa mu mtsempha amene amathandiza kuchotsa mphamvu ya mankhwalawo pa mtima. Muli ndi ufulu wofunsa ngati malo amene mukupitawo ali nazo zinthu zimenezi.

Bambo a Tadala
Ine wanga sanagwire n'komwe. Dzino linali ndi mafinya, anandibaya katatu koma pozula ndinamva chilichonse. Chiyambire pamenepo kwa dotolo wa mano ndimangodutsa panja.

Kamnyamata Ka Ku Famase
Pamalo a mafinya pamakhala asidi wambiri, mankhwala amalephera kulowa mu mtsempha wa ululu. Si kuti thupi lanu ndi lolimba, bambo.

Madala Wa Chilungamo
Mwamva nokha! Khunyu, mtima kusokonekera, kwa ena osagwira n'komwe. Atulula okha a chipatalawo. Ndiye wina aziti ine ndikuopseza anthu? Mayi, khalani kunyumba ndi ana anu.

Agogo a Junior
Bambo inu mwalankhula kokwanira. Mutu umodzi susenza denga, apatseni mpata anzanu.

Membala wosatchula dzina
Zikomo nonse, ndinali kuntchito, abwana salola foni. A Mayi a Mapasa mwanena zoona za alamu, dzulo lomweli abweranso kudzabwereka mbale ngati palibe chinachitika. A Wogonetsa, chimene chinachitika ndi chakuti atangondibaya mtima unayamba kugunda kwambiri, manja kunjenjemera, thukuta kutuluka. Anandiuza kuti ndipume kaye, patapita kanthawi zinasiya ndipo dzino anazula. Kutupa sindinatupe. Za mankhwala, ndimamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa magazi anaundana m'mwendo miyezi isanu yapitayo, koma ndatsata malangizo a a Madala, dzulo usiku sindinamwe. Adokotala a chotupawo sindinawauze za warfarin poti sanandifunse, ndipo ndi a chipatala china.

Wogonetsa Odwala
Mayi, izi ndiye zimene zinayenera kukhala mzere woyamba wa funso lanu. Za dzinozo zikufanana kwambiri ndi adrenaline, ngakhale wotsimikiza ndi amene akuoneni maso ndi maso, ndipo mukawauza akhoza kuchepetsa adrenaline kapena kubaya mosamala kwambiri akuyang'anira mtima. Koma warfarin musasiye panokha, magazi akhoza kuundananso ndipo chibuma chake chikhoza kuthamangira m'mapapo. Lero lomwe lino imbani kwa amene anakulemberani warfarin, muwauze kuti mwadumpha tsiku limodzi, akuuzeni chochita. Musamwe mapiritsi awiri pofuna kubweza la dzulo. Adokotala a chotupawo adziwenso Lachinayi lisanafike, chifukwa adzafuna kuyeza magazi, muyeso uja wa INR woona nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, kuti aone ngati opaleshoni ichitike tsikulo kapena isunthidwe. Mwendo ukatupa kapena kupweteka, kapena mukayamba kubanika ndi kumva kuwawa pachifuwa, pitani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira foni.

Madala Wa Chilungamo
Ine sindimadziwa kuti ndi warfarin, mayiwa sananene. Koma za msana wanga sindibweza mawu.

Membala wosatchula dzina
Nanga akasuntha tsiku abwana ndikawauza chiyani? Tsiku limodzi lomwelo ndinachita kulipempha mogwada.

Wogonetsa Odwala
Kalata ya kuntchito akulemberani kuchipatala komweko mukapempha. Foni ija mwaimba, mayi?