Akazi anga apezeka ndi multiple sclerosis: kutopa kwawo ndingakufotokoze bwanji kwa ena?

Moni nonse a pa gulu lino. Ndikupempha malangizo kwa amene mukudwala multiple sclerosis kapena mukusamalira munthu wodwala matendawa.

Akazi anga ali ndi zaka 31. Vuto linayamba ndi diso limodzi, limene linkaona mwachimbuuzi ndiponso linkawawa akamaliyendetsa. Diso linachira lokha, koma patapita miyezi ingapo miyendo inachita dzanzi, ndipo akaweramitsa mutu ankamva ngati magetsi akutsika ndi msana. Atawajambula pa makina a MRI ndi kuyeza madzi a mumsana, adokotala anatiuza kuti chitetezo cha m'thupi mwawo chikuwononga myelin, kachikuto kamene kamakuta mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana, moti mauthenga opita ku ziwalo amachedwa kapena amadukira panjira.

Anatifotokozeranso kuti matendawa sapatsirana ndipo alibe choyambitsa chimodzi. Chibadwa, kuchepa kwa vitamini D, kusuta fodya ndi kachilombo ka Epstein-Barr ndi zina mwa zimene zimawonjezera chiopsezo. Amagwira kwambiri akazi kuposa amuna, makamaka a zaka zapakati pa 20 ndi 40, ndipo odwala pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba ndi mtundu umene umabuka n'kuzilala, womwenso akazi anga ali nawo. Mankhwala ochizira palibe, koma ochepetsa kubuka kwake alipo, ndipo anayamba kale kulandira.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi kutopa. Amagona usiku wonse, koma ikamakwana 11 koloko m'mawa amakhala atatheratu mphamvu, ngakhale kumanga mabatani a bulauzi kumawavuta. Akasamba madzi otentha maso amachitanso chimbuuzi kwa kanthawi. Komatu pamaso amaoneka athanzi, n'chifukwa chake kuntchito ena ayamba kunena kuti ndi ulesi, ndipo achibale ena akuti angolimba mtima. Mawu amenewa amawapweteka kuposa dzanzi, ndipo ine ndikuona kuti ndi osayenera m'pang'ono pomwe.

Kodi amene munadutsamo munawauza mabwana anu za matendawa, kapena munabisa poopa kuchotsedwa ntchito? Nanga ine ndingawathandize bwanji popanda kuwachititsa kudziona ngati mtolo?

Yankho:

Pepani kwambiri bambo. Ineyo ndimadwala matenda omwewa, ndipo ndinawauza abwana anga nditatenga kalata ya adokotala yofotokoza kuti kutopa ndi chizindikiro chenicheni cha matendawa. Ndinapempha kuti ntchito zofuna mphamvu ndizigwira m'mawa, masana ndizipuma pang'ono pamalo ozizira, ndipo anavomera. Kunyumba musawalande mayiwo ntchito zonse. Muziwafunsa tsiku lililonse zimene akufuna kuchita okha, inu muzitenga zotsalazo. Chizindikiro chatsopano chikapitirira maola 24 popanda kutentha thupi, musazengereze kuwadziwitsa adokotala.