Ndithandizeni, kamba wanga wamng'ono ndizimudyetsa chiyani?

Anzanga amene mumaweta akamba, ndithandizeni chonde. Masabata atatu apitawo ndinapatsidwa kamba wamng'ono kwambiri, wokwana m'dzanja langa, ndipo sindinawetepo kanyama kotere.

Ndakhala ndikumupatsa letesi, kabichi ndi timapisi ta tomato. Amadya ndithu, makamaka tomatoyo, koma ndamva kuti letesi wina ndi madzi okhaokha, ndiponso kuti zipatso zikachuluka amatsegula m'mimba. Ndiye inu mumawapatsa masamba kapena udzu wanji tsiku ndi tsiku? Sipinachi ndayamba ndamusiya chifukwa amalepheretsa thupi kutenga kashiamu mokwanira.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chigoba. Ndikachikhudza cha kumimba chimakhala chofewa pang'ono. Kodi ndi mmene amakhalira akadali aang'ono, kapena akusowa kashiamu ndi dzuwa? Bokosi lake lili pafupi ndi windo, koma galasi limatchinga kuwala kwa UVB kumene kumathandiza kuti mafupa ndi chigoba zilimbe. Ndizimutulutsa panja kwa mphindi zingati? Ndikuopa agalu ndi mbalame, komanso kuti dzuwa lingamuwotche poti thupi lake ndi laling'ono.

M'mawa uliwonse ndimamuika m'madzi ofunda, osafika m'khosi, kwa mphindi 15 kuti amwe. Ndipitirize, kapena ndikuchulutsa?