Kodi munthu wamba angapemphe kuona ndalama zogulira chakudya cha akaidi?

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha nzeru kwa amene amadziwa malamulo kapena amene anapemphapo zikalata ku ofesi ya boma. Ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo mlongo wanga akugwira ukaidi m'ndende ina imene sindiitchula dzina. Ndimakamuona kawiri pa mwezi nditanyamula kamba, ndipo ulendo uliwonse ndimamupeza ataonda kuposa mmene ndinamusiyira. Iye akuti amadya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo. Sindikukana kuti analakwa, koma bwalo la milandu linamulamula kukhala m'ndende, silinamulamule kugona ndi njala.

Sindikuloza chala munthu aliyense, chifukwa mwina ndalama zimene Nyumba ya Malamulo imavomereza n'zochepa kale, mwina zimafika mochedwa, kapena mwina mitengo ya chimanga imakwera bajeti itadutsa kale. Chimene ndikufuna n'kuona ndi maso anga kuti ndendeyo inalandira ndalama zingati za chakudya m'chaka chathachi, inagula matumba angati, kwa yani komanso pa mtengo wanji, ndiponso kuti zokolola za m'minda imene akaidi amalima zimalembedwa kuti. Ndamva kuti lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limapatsa nzika ufulu wopempha zinthu zotere. Kodi limakhudzanso ndende, kapena adzandiuza kuti imeneyi ndi nkhani ya chitetezo cha dziko? Nanga kalatayo ndikaipereke kwa mkulu wa ndendeyo kapena ku likulu la nthambi ya ndende, limene lili konkuno ku Zomba? Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti, kodi kufunsa kwangaku sikungamuike mlongo wanga m'mavuto?

Yankho la bambo wina amene anaphunzira zamalamulo:

Mayi, funso lanu n'lomveka ndipo simukupempha chifundo ayi, mukupempha chimene malamulo anakupatsani kale. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo gawo 42 limanena kuti munthu amene ali m'ndende apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala, boma ndilo lilipire. Pa mlandu wa Gable Masangano m'chaka cha 2009, bwalo linagamula kuti kuchepa kwa ndalama si chifukwa choti boma lilephere kusamala akaidi monga mmene malamulo akunenera. Nthambi ya ndende imayendera misonkho yathu, choncho lamulo mwatchulali limaikhudza.

N'zoona kuti lamuloli limalola kukana kupereka zinthu zimene zingasokoneze chitetezo kapena kuulula zinsinsi za munthu, mwachitsanzo mapulani a nyumba za ndende, ndandanda ya asilikali olondera usiku, kapenanso mbiri ya matenda a mkaidi. Koma ine sindikuona mmene mtengo wa thumba la nyemba ungathawitsire mkaidi. Lembani kalata yopita kwa ofisala amene anasankhidwa kuti azilandira mapempho otere ku likulu, ndipo mukaipereke nokha pamanja kuti akudindireni tsiku pa kope lanu. Lamulo limawapatsa masiku 15 ogwira ntchito kuti ayankhe, ndipo akakana ayenera kulemba zifukwa zake. Mukapanda kukhutira mumapempha kuti aunikenso chiganizo chawo, kenako mumakadandaula ku bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndipo zikakanika kumeneko bwalo lalikulu la milandu lilipo.

Yankho la mayi wina amene anagwirapo ntchito yowerengera ndalama:

Ndiwonjezere pa zimene anena bambowa. Achemwali, musalembe kuti mukufuna zikalata zonse za chuma, chifukwa pempho lotambalala chotero limapatsa munthu mpata wokuzengerezani. Tchulani chaka cha boma chimodzi, pokumbukira kuti masiku ano chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March, ndipo mupemphe zinthu zitatu paderapadera: ndalama zimene zinavomerezedwa, zimene zinatumizidwadi kuchokera ku Treasury (ofesi yosunga chuma cha boma ku Lilongwe), ndi zimene zinagwiritsidwa ntchito. Manambala atatuwa kawirikawiri safanana, ndipo pamene asiyanirana m'pamene mudzadziwire ngati vuto lili ku Lilongwe kapena pafupi. Mupemphenso ndandanda ya amene anapatsidwa makontirakiti operekera ufa, nyemba ndi nkhuni, pamodzi ndi ngongole zimene sanalipidwe, pakuti wogulitsa akakhala miyezi yambiri osalipidwa amasiya kubweretsa katundu. Zina simufunika n'kupempha komwe: malipoti a Auditor General, mkulu wofufuza mmene ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, amakaperekedwa ku Nyumba ya Malamulo, chimodzimodzinso a Inspectorate of Prisons, bungwe limene limayendera ndende n'kulemba za moyo wa akaidi.

Yankho la bambo wina wa ku Chinamwali:

Ine mantha a mayiwa ndikuwamvetsa, chifukwa nanenso ndinali ndi mwana m'ndende, ndipo mbale wa mkaidi amayankhula mosamala podziwa kuti iye akabwerera kunyumba, mnzakeyo atsala komweko. Langizo langa n'lakuti m'kalatamo musatchule mlongo wanu, ndipo ngati n'kotheka musainirane anthu angapo, kapena mupemphe a mpingo wanu amene amachita utumiki wa kundende kuti kalatayo ituluke m'dzina lawo.

Yankho la mwini funso:

Zikomo kwambiri nonse. Ndalankhula ndi amayi anzanga awiri amene timakumana pa chipata tsiku lokaona abale athu, ndipo avomera kuti tisainire limodzi. Tipempha za chaka chimodzi chokha monga mwalangizira achemwali, ndipo za minda tidzafunsa m'kalata ina kuti zisasokonezane. Chatsala n'chimodzi, bambo a zamalamulo: masiku 15 aja akatha popanda yankho lililonse, ngakhale lokana, kodi tiyambe talembanso kalata yokumbutsa, kapena tingapite ku Commission ndi kope lodindidwa lija?