Ulendo wa ku Dar es Salaam ndi Zanzibar: ndikagule kuti zosema ndi mphatso zenizeni?

Amayi Tembo, Kapata, Chipata:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Tchuthi cha Disembala chikafika ndidzapita ku Tanzania pamodzi ndi amuna anga, ndipo takonza zokwera sitima ya TAZARA ku Kapiri Mposhi mpaka ku Dar es Salaam, kenako tidzawoloka kupita ku Zanzibar. Ulendowu si wa malonda, ndi wongokaona malo, koma sindingabwerere kumudzi chimanjamanja chifukwa apongozi anga, alamu anga ndi ana adzakhala akuyembekezera. Ndikufunanso chosema chimodzi chabwino choika m'chipinda chochezera, chomwe chingakhale zaka zambiri osawonongeka.

Nkhawa yanga ndi yakuti ndamva kuti zinthu zambiri zomwe amagulitsa kwa alendo sizipangidwa m'dzikomo, ndipo ena amapaka mtengo wamba utoto wakuda nkumanena kuti ndi phingo. Kodi munthu angazindikire bwanji chosema chenicheni? Nanga kunenerera mtengo kumafika pati kuti ndisaberedwe komanso ndisapondereze wogulitsa? Ndikufunanso kudziwa zinthu zomwe zingandivutitse pa malire a Nakonde pobwerera. Amene munafikako, chonde ndithandizeni nzeru.

Abambo Jere, Mtenguleni:

Amayi Tembo, mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Ku Dar es Salaam pitani kaye ku msika wa osema wa ku Mwenge, ndipo musathere ndalama pa mashopu oyamba amene mungaone, lowani mkati kumene amisiri amakhala pansi ndi tsemo m'manja. Ambiri mwa iwo ndi Amakonde, anthu a kumwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Ruvuma, ndipo luso lawo la kusema ndi lodziwika kutali. Zosema zawo zotchuka zili mitundu iwiri: zina zimaonetsa anthu ambiri okwerana ndi kugwirana pa chipika chimodzi, zomwe amazitcha ujamaa, ndipo zina ndi za mizimu ya maonekedwe opindikapindika, zotchedwa shetani. Ngati mukufuna choika pochezera pamene apongozi ndi anthu a mpingo amafika, ine ndingasankhe cha ujamaa, chifukwa za mizimu zija ena kwathu kuno sazilandira bwino ngakhale zili zokongola.

Pa nkhani ya phingo, mtengowu timaudziwa ndi kuno komwe, choncho musachite mantha. Mtima wake ndi wakuda koma mnofu wa kunja kufupi ndi khungwa ndi woyererako, ndipo osema ambiri amasiya dala kachigawo koyera kuti wogula aone kuti mtengowo ndi weniweni. Nyamulani chosemacho m'manja: phingo ndi wolemera kwambiri kotero kuti amamira m'madzi, pamene mtengo wopakidwa umapepuka. Tembenuzani muone pansi pake ndi m'ming'alu momwe utoto sufika bwino, ndipo pukutani ndi kansalu koyera. Dziwani kuti ngakhale phingo weniweni amamupaka polishi wa nsapato kuti awale, choncho kuda pang'ono kwa kansalu sikutanthauza bodza, koma mukaona mtengo wofiirira kapena woyera pansi pa utotowo, chimenecho si phingo. Chosema cha mtengo wina si choipa ayi, chofunika ndi chakuti musalipire ndalama za phingo pa chinthu chomwe si phingo. Mtengowu umakula pang'onopang'ono kwa zaka makumi ambiri, ndipo ndi womwewo umene azungu amapangira zitoliro za clarinet, nchifukwa chake ukusowa ndipo ukudula.

Za ana ndi alamu, pitani ku Oyster Bay kumene kuli bungwe la ojambula la Tingatinga Arts Cooperative Society. Kajambulidwe kameneka anakayamba ndi Edward Saidi Tingatinga mu 1968, pogwiritsa ntchito penti wa njinga pa timatabwa topyapyala, ndipo ngakhale iye anamwalira mu 1972, abale ake ndi ophunzira ake anapitiriza ntchitoyo. Zithunzi zake ndi za mbalame, nyalugwe, mvuu ndi nyama zina za mitundu yowala. Kumeneko mudzaona wojambula akugwira ntchito ndipo dzina lake limakhala pa chithunzicho. Pemphani kuti achotse nsalu yojambulidwayo pa mafelemu ake ndi kuikulunga, chifukwa mu sitima ya mtunda wa makilomita 1,860 chithunzi cha felemu sichingafike chili bwino.

Apongozi agulireni kanga, nsalu zonga zitenje, mu msewu wa Uhuru kufupi ndi Kariakoo. Kanga amagulitsa ziwiri zolumikizana, ndipo iliyonse imakhala ndi mawu a Chiswahili m'mphepete. Funsani tanthauzo lake musanagule, chifukwa ena ndi mawu odalitsa koma ena ndi onyogodola mkazi mnzako, ndipo simungafune kupatsa apongozi nsalu yotere. Werenganinso m'mphepete kuti muone kumene nsaluyo inadindidwa, popeza zambiri zimachokera ku India ndi ku China ndipo zina mungazipeze pa msika wa Kapata pomwepo.

Amayi Mwale, Mfuwe:

Amayi anzanga, a Jere afotokoza bwino za malo, ine ndiyankhe za kunenerera mtengo, chifukwa ndimaluka madengu ndi mphasa zomwe ndimagulitsa kwa alendo obwera ku South Luangwa, ndipo ndimadziwa mmene zimamvekera kukhala mbali inayo ya malonda. Nzoona kuti pa misika ngati ya Mwenge mtengo woyamba umakhala wokwera, ndipo wogulitsa amayembekezera kuti mukambirana. Yendani kaye mufunse mitengo ya chinthu chofanana kwa anthu angapo musanatulutse chikwama, kenako bwererani kwa amene ntchito yake yakusangalatsani. Perekani moni, funsani amene anasema ndi masiku amene chinamutengera, ndipo kambiranani mwaulemu ngati mmene mungachitire ndi mnansi wanu.

Koma pali malire. Chimandipweteka mtima ndi mlendo amene walipira ndalama zambiri za malo ogona ndi galimoto, nkumalimbana nane pa ndalama yochepa ya dengu lomwe ndaluka sabata yathunthu, kuyambira kudula mlaza, kuuyanika, kuunyika mu utoto mpaka kuluka. Nthawi zina timavomera mtengo wotsika osati chifukwa ndi woyenera koma chifukwa tsikulo kunyumba kulibe ndiwo. Mukafika pa mtengo womwe inu mukuona kuti mungalipire osadandaula, lekerani pomwepo, ndipo mukatchula mtengo wanu wogulitsa nkuvomera, gulani, musachoke, chifukwa kumeneko ndi kumuseweretsa munthu.

Chenjeraninso ndi anyamata amene amadzipereka kukuperekezani ku shopu ya mbale wawo. Iwo amalandira gawo pa chilichonse chomwe mwagula, ndipo gawolo limawonjezedwa pa mtengo wanu pamene wosema salandira kanthu kowonjezera. M'mashopu omwe mitengo inalembedwa kale, monga momwe zilili ku Tribal Textiles kuno ku Mfuwe, sanenerera, ndipo ku Tanzania mudzapezanso otere. Ndalama khalani nazo za shilingi zing'onozing'ono kuti nkhani ya chenji isasokoneze zomwe mwagwirizana.

Abambo Zulu, Katete:

Amayi Tembo, ine ndikhudze za malamulo, chifukwa apa ndi pamene ulendo wabwino ungathere ku polisi. Musagule chilichonse cha mnyanga wa njovu, ngakhale kamkanda kapena chibangili chaching'ono, ngakhale wogulitsa alumbire kuti ndi chakale kapena kuti ndi fupa la ng'ombe pamene inu mukukayika. Pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zomwe zili pangozi yakutha, lotchedwa CITES, linaletsa malonda a minyanga pakati pa mayiko mu 1989, ndipo kuno kwathu lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limapereka chilango cha ndende kwa wopezeka ndi mnyanga popanda chikalata. Chimodzimodzi zikopa za nyama zakutchire, mano, zikhadabo ndi chigoba cha kamba wa m'nyanja. Ku Zanzibar adzakuonetsani zigoba zazikulu za nkhono ndi miyala ya korali m'mphepete mwa nyanja. Zisiyeni, chifukwa zambiri ndi zotetezedwa ndipo kuzigula kumalimbikitsa anthu kuwononga nyanja yomwe asodzi a kumeneko amadalira.

Phingo nayenso ali m'gulu la mitengo ya Dalbergia yomwe inalowa pa mndandanda wa CITES kuyambira 2017. Chosema chimodzi chaching'ono cha panyumba sichifanana ndi katundu wa malonda, komabe pemphani lisiti lolembedwa dzina la wogulitsa ndi mtundu wa chinthucho, ndipo pa Nakonde muonetse katundu wanu kwa a Zambia Revenue Authority mosabisa. Nsalu zofanana zikachuluka adzaziona ngati za malonda ndipo adzafuna msonkho.

Mwala wa tanzanite, womwe unapezeka mu 1967 ndipo umakumbidwa ku Mererani kufupi ndi Arusha kokha, musaugule kwa munthu wa mumsewu, gulani kwa wogulitsa wa chilolezo amene amapereka chikalata. Kumbukiraninso kuti Tanzania inaletsa mapepala a pulasitiki onyamulira katundu mu 2019, choncho tengani chikwama cha nsalu.

Amayi Tembo, Kapata, Chipata:

Zikomo kwambiri a Jere, Amayi Mwale ndi a Zulu. Ndasankha kuti chosema ndidzagula ku Mwenge kwa wosema mwiniwake, zithunzi ziwiri za Tingatinga zikhala za ana, ndipo apongozi ndi alamu alandira kanga pamodzi ndi zokometsera zakudya za pa msika wa Darajani ku Stone Town, tawuni yakale ya ku Zanzibar, monga sinamoni ndi vanila. Amayi Mwale, mawu anu a mlaza andikhudza, chifukwa amayi anga analinso oluka mphasa ndipo ndimakumbukira mmene zala zawo zinkang'ambikira. Funso limodzi latsala kwa a Jere: popeza tidzayamba ndi Dar es Salaam tisanawoloke kupita ku Zanzibar, kodi nkwabwino kugula chosemacho popita, kapena ndidikire pobwerera?

Abambo Jere, Mtenguleni:

Popita kaoneni ndi kufunsa mitengo, koma mugule pobwerera, kuti musavutike nacho pa sitima ya pamadzi ndiponso kuti mukhale mutayerekeza ndi mitengo ya ku Stone Town, yomwe nthawi zambiri imakhala yokwera. Ngati mwapeza wosema amene wakusangalatsani, mungamuuze chomwe mukufuna kuti akusemereni pamene muli ku chilumba, mumusiyire ndalama pang'ono ndi kutenga lisiti. Chikulungeni m'zitenje zomwe mwagulazo ndipo chikhale nanu m'chipinda cha sitima, osati pamodzi ndi katundu wolemera. Mukafika ku Chipata musachiike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, chifukwa mtengo wochokera ku chinyezi cha kunyanja ukauma mofulumira umang'aluka.