Mapazi achita dzanzi koma dimba likundidikira, ndipange bwanji?

Wa dimba ku Mpondasi: Mwaswera bwanji alimi anzanga. Ine anandipeza ndi shuga ndiye pano mapazi achita dzanzi, usiku amatentha ngati ndaponda makala mpaka ndimawatulutsa kunja kwa bulangete koma masana amakhala ngati si anga. Dzulo ndikuthirira tomato ndangoona magazi pa patapata, kuyang'ana bwino munga wa mthethe walowa kuchidendene, nthawi imene unalowa sindikuidziwa olo pang'ono. Pa thiredo pampu naponso phazi likumaterereka osazindikira. Akunyumba akuti ndisiye, nanga ndikasiya tidya chani?

Mayi a masamba Namwera: Iii pepani achimwene. Koma patapata kudimba ndi shuga yomweyo? Ayi ndithu. Balalo mwapita nalo kuchipatala?

Wa dimba ku Mpondasi: Ndangotsuka ndi sopo, nkakang'ono

Wosamalira maluwa Monkey Bay: Akulu musamati nkakang'ono, bala la munthu wa shuga limachedwa kupola ndipo poti simukumva kuwawa muzingolipondera mpaka litukusira mkati, anthu amadulidwa mwendo chifukwa cha tizilonda ngati timeneti. Mawa mulawire. Ine ndimagwira pa loji kuno ndipo vutoli ndili nalo, langa linayamba ndikumwa mankhwala a TB, adokotala anati ndi isoniazid uja ndiye anandipatsa pyridoxine, vitamini B6. Ntchito sindinasiye koma ndinasintha kagwiridwe. Jombo ndimavala ndi sokosi za thonje, ndisanavale ndimaigwedeza kaye ndikupisamo dzanja mosamala, kamwala kakhoza kukhalamo tsiku lonse osakamva, tsiku lina munatuluka chinkhanira. Madzulo ndikasamba ndimaika kagalasi pansi nkuyang'ana kuphazi konse, ndipukute pakati pa zala, Vaseline ndimapaka kuchidendene kokha osati pakati pa zala chifukwa pamanyowa nkuyamba kusupuka.

Mlimi wa ku Malindi: Jombo ndi dzuwa la Mangochi lino mwezi wa October? Phazi lipsa mmenemo bwana

Wosamalira maluwa Monkey Bay: Nde mchenga wake mumauona bwanji masana? Umawotcha mpaka matuza munthu osamva. Ine 5 koloko ndili pa kapinga, ikamakwana 10 ndavula jombo ndili pamthunzi, sokosi ndasintha. Ndibwereranso dzuwa likapendeka.

Mayi a masamba Namwera: Za pampuzo apatseni ana azipalasa, inu muzigwira paipi. Bambo akwathu timatero. Popalira mbeu amakhala pa kampando kakafupi mmalo monjuta, chifukwa akadzuka msanga amachita chizungulire, ndiye mabedi tinachepetsa mulifupi kuti dzanja lizifika pakati osapondamo. Mpini wa khasu anakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga poti zala nazo zinayamba kuchita dzanzi khasu kumapulumuka.

Mlimi wa ku Malindi: Ine ndinamva zoti muziviika mapazi mmadzi otentha a mchere, magazi amayenda

Wosamalira maluwa Monkey Bay: Ayi ayi chonde zimenezo musayese, phazi losamva silidziwa kuti madzi atentha, mupsa. Ngakhale osamba muziyesa kaye ndi chigongono. Kuwotha mbaula pafupi nakonso ayi. Za kutentha kwa usikuko mukawauze ku kiliniki ya shuga, ena amawapatsa amitriptyline womwa pogona, amagonetsa ndiye musadzuke nkukagwira chikwanje mutu uli zii. Koma chachikulu shugayo atsike, apo ayi dzanzi lizingokwera. Ndipo ngati mumalawako kachasu musiye, amaononga mitsempha yomweyo.

Wa dimba ku Mpondasi: Hahaha ine ndi Msilamu akulu, zimenezo ayi. Koma tiyi wa masupuni atatu ndiye ndivomere. Nanga popopera mankhwala a tomato?

Mayi a masamba Namwera: Apopere wina mpaka bala litapola, ndipo muthithi mwa Shire musalowemo kutunga madzi ndi keni panopa. Tiyiyo mayi akunyumba ndiwaimbira ndekha.

Wa dimba ku Mpondasi: Chabwino mawa ndilawira kuchipatala kenako ndidzera pamsika kuyang'ana jombo. Nditenge saizi yanga yomwe kapena yokulirapo?

Wosamalira maluwa Monkey Bay: Yokulirapo pang'ono, mukayese madzulo phazi litatupa ndipo sokosi mutavala. Chubu chakale ndili nacho, ndipatsira wa minibasi Loweruka.